Sewero Lomaliza la a Onolebo Damiyano

Tachepetsako phokoso la foniyo, Tadala. Ayi, usazimitse, ndimveko pang'ono. Mayi wachizunguyo akuimba ngati waponda munga, inu n'kumaseka mpaka misozi. Sekani. Koma dziwani kuti zimenezo si zachilendo kuno kwa Mwambo. Ife tinaziona ndi maso pabwalo la sukulu apo, mafoni asanabwere, ndipo amene ankakweza mawu choncho anali agogo anu aakazi, malemu a Felesiya. Dzina lake ndi opera. Ndi sewero limene anthu salankhula, chilichonse amachita kuimba. Khalani pansi. Chimangacho muzitonola ndithu, makutu safuna manja.

Amene anabweretsa zimenezi anali a Damiyano, ife tinkangoti a Onolebo. Anali phungu wathu masiku amene nyumba ya malamulo inali ikadali ku Zomba. Musavutike kukafunsa aphunzitsi anu, sawadziwa. Ngakhale nthawi imeneyo wayilesi sinkawatchula. Ankakhala mipando yakumbuyo, anzawo akawomba m'manja iwonso n'kuwomba. Asanalowe ndale anali mphunzitsi, ndipo Lamulungu ankaimba limba kutchalitchi. Ena ankati anasankhidwa chifukwa analibe mdani, ena ankati chifukwa analibe mawu. Ine sindiweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti kamlatho kamatabwa kamene tinkawolokera popita kuchigayo anamangitsa ndi iwo, ndiponso sanatsekeretsepo munthu aliyense m'ndende, pa nthawi imene kutsekeretsa mnzako kunali kosavuta ngati kuthyola nkhwani.

Ulendo wina anawatuma kunja pamodzi ndi anzawo, ndipo kumeneko anawalowetsa m'nyumba ya masewero oterewa. Anzawo akuti anagona pamipando. Iwo anatulukamo atagwidwa ndi chinthu chimene sichinawasiyenso. Zipani zitachuluka, anthu anavotera wina, ndipo a Onolebo anabwerera kumudzi ndi masuti awiri, njinga, ndi limba lopopa ndi mapazi. Anzawo ogwa pa ndale ankatsegula magolosale kapena kugula maboti kudoko la Kachulu. Iwo anakhala pakhonde n'kuyamba kupeka nyimbo.

Sewero lawo loyamba linali la chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Inu mwaionapo itachepa, koma ife tinayendapo pansi mpaka kuchilumba cha Chisi, matope atang'ambikang'ambika ngati chidendene cha nkhalamba, mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala. Anthu atamva zimenezo zikuimbidwa, ena analira. Lachiwiri linali la mlandu wa mbuzi imene inadya mbande za mpunga. Mmenemo munali munthu wina amene ankapempha mchere kwa mkazi wake moimba, akubwerezabwereza, mpaka mayi wina m'gulumo anakuwa kuti, "Tampatseni mcherewo, ndiwo zipsa!" A Onolebo sanaseke. Anapitiriza kupopa limba, thukuta lili kamukamu mkati mwa suti.

Ine kuimba sindinkatha. Mawu anga ndi a chule wa m'dambo, Yamikani ndiye watengera ine, musamuseke. Ntchito yanga inali yonyamula. Limba lija tinkalisenza anthu anayi pa mitengo iwiri, kuchoka kwa a Onolebo mpaka kusukulu. Mabenchi, nsalu zotchingira, bwato lachinyengo la bango, zonse zinkadutsa paphewa langa. Koma agogo anu, amenewo anali ndi mawu. Akayamba nyimbo pamaliro, ngakhale amuna okhala patali pansi pa mtengo ankasiya nkhani zawo.

Tsopano ndikuuzeni za alamu anga a Lino, chifukwa popanda iwo nkhaniyi simungaimve.

A Lino anali mchimwene wawo wa agogo anu, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa apongozi anga aakazi. Anali msodzi. Ankakhala miyezi m'zimbowera, timisasa toyandama tija ta pakati pa njedza, udzu wautali uja wa m'nyanja, n'kubwera ndi matemba ouma ndi milamba yowamba. Zaka za nkhondo ya ku Mozambiki, anawoloka kupita tsidya lija kukaona abale, pakuti makolo athu anachokera komweko. Sanabwerere. Bwato lawo linapezeka m'njedza, nsungwi yokankhira ili momwemo, munthu mulibe. Kaya anamira, kaya anagwidwa ndi ankhondo, palibe anadziwa.

Mwambo wathu umati munthu akatayika chotero, mtembo osaoneka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'mphasa, kulilira, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Amatero kuti abale apeze polirira ndiponso kuti mtima ukhale pansi. Patapita nthawi, atsibweni a banjalo anabwera ndi thunthu lotere. Apongozi analikoka ndi manja awo n'kukaliponya m'dambo. Kenako anaima pabwalo n'kunena mawu amene tonse tinawamva:

"Mwana wanga ali moyo. Amene adzamulire Lino ine ndikali ndi mpweya, ameneyo ndiye wamupha. Asadzapondenso pakhomo panga, ndipo asadzalimenso munda wanga."

Sanali mawu a tsiku limodzi. Ukonde wa a Lino unkakhala pakhonde, iwo n'kumausoka pamene makoswe adya. Malaya awo ankachapidwa chaka ndi chaka. Akamva kuti ku Kachulu kwafika anthu ochokera tsidya lija, ankayenda wapansi kukawafunsa. Nkhondo inatha, othawa anabwerera kwawo, iwo ali chidikirire.

Muzindikire kuti ine ndinali mkamwini. Nyumba imene tinkagona, munda wa chimanga, chigawo cha mpunga kudambo, zonse zinali panthaka ya apongozi. Atate anu a Joni ndi azakhali anu anali ana aang'ono. Ndipo masiku amenewo mkamwini sankayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka. Ndikafuna kunena kanthu ndinkanjuta patali, nkhope kumbali, mawu n'kudzera mwa agogo anu. Osati za lero, mkamwini kukhala pampando umodzi ndi apongozi, onse maso ali pa foni imodzi.

Chaka china, mpunga utayamba kucha, nthawi imene ana ankagona ndi mawu osasa chifukwa chopirikitsa mbalame, a Onolebo analengeza sewero lachitatu. Linali la msodzi amene wamira panyanja, anzake n'kubwera naye kumudzi, mlongo wake n'kumulira. Mlongoyo anafuna kuti akhale agogo anu.

 Nditamva, ndinadikira mpaka tili awiri ndi agogo anu kumunda.

"Amake Joni, kodi mwavomera?"

"Ndavomera."

"Nanga mawu a amayi aja?"

Anaimika khasu. "M'seweromo mulibe dzina la Lino. Ndi msodzi chabe."

"Anthu sadzamva choncho."

"Abambo a Joni, ndalira abale a mudzi wonse uno. Akamwalira wa kwa uje amati itanani Felesiya. Wanga yekha ndiye ndilibe pomulirira. Chinthu chimenechi chandikhala pakhosi ngati munga wa mlamba. Ndisiyeni ndikachilavulire m'sewero, poti m'sewero si zenizeni."

 Sindinali munthu woletsa mkazi ndi ukali, ndipo ndinkaona kuti sakunama. Koma ndinkaonanso ana anga atasenza mitolo, tikusowa kolowera, pakuti kwathu kumene ndinachokera malo anali atatha kale. Ndinapemphera korona masiku angapo, kenako ndinapita kwa a Onolebo. Ndinawapeza akumata chikumba chopopera mphepo cha limba ndi ulimbo.

"A Onolebo, sewero ili likhoza kutipasulira banja."

Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa analidi munthu waulemu. Kenako anati, "A Sitefano, musaope. Apongozi anu sabwera kumasewero anga. Amati ndi misala ya anthu okhuta. Ndipo nyimbo imeneyi ndinaipekera mawu a akazi anu. Wina akaiimba, ifera m'kamwa."

"Nanga akamva kwa anthu?"

"Adzamva kuti mwana wawo anaimba bwino. Luso silipha munthu."

Ndinabwerako wopanda kanthu. Munthu amene wakhala nthawi yaitali m'tauni amaiwala kuti kumudzi mawu ena amalemera kuposa thumba la mpunga.

Pokonzekera panabuka vuto limene a Onolebo sanaliganizire. Panalibe wofuna kukhala mtembo. Ndani angagone m'mphasa ali moyo, anthu n'kumamulira? Amenewo ndi malodza. Anapempha mnyamata wina wolimba mtima, amayi ake anabwera kudzamukoka ndi khutu. Anapempha chidakwa china cha ku Kachulu, chinati, "Bwana, ine ndimagona m'ngalande, koma m'mphasa ya maliro ayi." Tinayesa thumba la mankhusu a mpunga. Tikalinyamula linkapindika pakati ngati mlamba, oimba onse n'kuphulika kuseka. A Onolebo anakwiya, n'kunena kuti za mtembo tiwasiyire, adzakonza okha.

Tsiku linafika mpunga utalowa m'nyumba, Lamulungu masana titatuluka m'tchalitchi. Kunali kamphepo ka mwera. Anthu anadzaza bwalo la sukulu, ena anachokera ku Kuntumanji panjinga, ana ali m'mitengo. Ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe anali pomwepo. Sewero linayamba bwino. Asodzi anaimba nyimbo yokankha bwato, mphepo inaimbidwa ndi amayi akugwedeza zitenje, bwato la bango linagubuduzika, anthu anakuwa.

Ine ndinali kuseri kwa nsalu ndi mnzanga wonyamula naye, a Mulipa. Mtembo tinaupeza atautikonzera kale, wokulungidwa m'mphasa yatsopano, womangidwa ndi luzi patatu. Limba litasintha mawu, chimene chinali chizindikiro chathu, tinaunyamula n'kutulukira pabwalo.

Nditangouika paphewa ndinadziwa kuti si mankhusu. Unali wolemera, wowongoka, wozizira. Tisanayende patali ndinamva madzi akundidonthera pakhosi, onanda, a fungo limene mwana aliyense wa kuno amalidziwa. Utomoni wa nthochi.

"A Mulipa," ndinanong'ona, "mukudziwa chimene tanyamulachi?"

"Ndadziwa, achimwene. Yendani basi. Anthu akutiona."

A Onolebo sanachite dala, ana inu. Anangofuna chinthu chotalika ngati munthu, chosapindika. Anayang'ana kuseri kwa nyumba yawo, anaona nthochi, anadula. Mwambo uja unali utawachoka m'mutu, kapena sanaganize kuti ungalowe m'sewero. Kwa iwo chinali chipangizo, ngati bwato la bango lija.

Ndipo nditakweza maso, ndinawaona. Apongozi. Anakhala kutsogolo penipeni pakati pa amayi, ndodo yawo ili pamiyendo. Sanabwerepo kumasewero chiyambire, koma tsiku limenelo wina anali atawauza kuti bwerani mudzamve chimene mwana wanu akuimba.

 Kubwerera sikukanatheka, kuponya pansi sikukanatheka. Ndinaganiza kuti tikangoutsitsa bwinobwino, mphasa ili chitsekere, mwina aziyesa matabwa. Tinafika pakati, tinagwada, tinatsitsa. Luzi la kumutu linali louma. Linaduka. Mphasa inafunyululuka pang'ono, ndipo thunthu linaonekera, loyera, lodulidwa kumene, likuchucha madzi.

Phokoso linayamba kuzima kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Akuluakulu anaona n'kuzindikira. Amayi ena anagwira pakamwa. Ana okha m'mitengo ndi amene ankalankhulabe, nawonso anakhala chete ataona kuti akulu atonthola. A Onolebo anali atatipatsa msana, maso pa limba, akupopa, osadziwa kanthu.

Agogo anu anatulukira kuseri kwa nsalu atamanga chitenje m'chiuno monga amachitira anamfedwa. Anayenda mpaka pamphasa. Anaona thunthu. Anaona amayi awo. Anandiyang'ana ine. Ndinapukusa mutu pang'ono, kuwapempha ndi maso kuti asayambe. Limba linafika pamene anayenera kulowa, iwo sanalowe. A Onolebo anabwereza. Agogo anu sanalowebe. A Onolebo anabwerezanso kachitatu, akugwedeza mutu mokwiya.

Pamenepo agogo anu anagwada, anaika dzanja pathunthupo, n'kuyamba.

Mawu a a Onolebo ankati, "Nyanja, wandibwezera bwato, mwini wake wamusiya kuti?" Agogo anu anaimba mzere umenewo monga anaphunzirira. Koma pobwereza, mawu anathyoka, ndipo chimene chinatuluka sichinalinso nyimbo ya pa limba. Kunali kulira kwenikweni, kwa maliro, kuja kumene kumaimitsa makasu kumunda. "Achimwene ine! A Lino ine! Amayi mwawasiyira ndani!"

Dzina linatuluka. Bwalo lonse linalimva.

Limba linasiya. A Onolebo anatembenuka, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anayang'ana thunthu, n'kuyang'ana apongozi. Anakumbuka mochedwa.

Apongozi anadzuka. Anatenga nthawi, pakuti mawondo anali atayamba kale kuwavuta. Palibe anawagwira dzanja. Anayamba kuyenda kubwera pakati pa bwalo, ndodo ikugunda pansi. Ine ndinali chigwadire pafupi ndi mphasa, ndipo mwa mwambo ndinayenera kupatuka, koma sindinapatuke. Ndinkangoona ndodoyo. Ndinkadziwa kuti ikhoza kutera pamsana pa mwana wawo, ndipo pambuyo pake pabwera mawu aja, pamaso pa anthu a midzi yonseyi, mawu amene sabwezedwa. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kusasula denga la nyumba yathu.

Anafika. Anaima pamwamba pa agogo anu, amene sanasiye kulira ndipo sanadzutse mutu.

"Felesiya."

Agogo anu anatonthola.

"Wadula ndani nthochi iyi?"

A Onolebo anayandikira, atavula chipewa. Munthu amene anakhalapo m'nyumba ya malamulo anagwada pafumbi ndi suti yake. "Ndine, mayi. Ndalakwa. Sindinaganize. Mwana wanu sanadziwe, akamwini anu sanadziwe. Ndi sewero chabe."

"Sewero," anatero apongozi.  Kenako anati, "Atsibweni ake anabwera nayo, ndinaitaya. Ndinati ndi anthu afuna kundiphera mwana. Lero yabwera yokha, yodulidwa ndi munthu wosadziwa, yonyamulidwa ndi mlamu wake, pa tsiku la Mulungu. Ndikanenso kachiwiri?"

 Apongozi anaponya ndodo pansi. Anatsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pafumbi, anakoka mphasa ija n'kuphimba thunthu bwinobwino monga amafunditsira mwana wogona. Ndiye anatsegula pakamwa.

Kulira kumene kwasungidwa zaka zambiri sikumveka ngati kulira kwina. Sindingakufotokozereni. Amayi onse pabwalopo anakulandira, ndipo amuna tinavula zipewa. Ogulitsa zitumbuwa anavundikira madengu awo. Anthu amene anabwera kudzaonera sewero anapezeka ali pamaliro, ndipo palibe anachoka.

Atatopa, apongozi anapukuta nkhope ndi chitenje, anamanganso luzi lija ndi manja awo. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatire ine pamudzi pawo. Anandiyang'ana m'maso, n'kundilankhula ine mwini, osadzera mwa munthu.

"Akamwini, tiyeni naye kunyumba. Munyamule bwino, ameneyo ndi mlamu wanu."

Tinanyamula, ine ndi a Mulipa, gulu lonse lili pambuyo. Uthenga unapita kwa amfumu ndi kwa atsibweni, panjira panaikidwa masamba, akatekisiti anabwera kudzapemphera. M'mawa mwake tinaika, pamodzi ndi malaya aja ndi ukonde uja. Nyumba yathu sinasasulidwe. Munda umene mukudya chimanga chakechi ndi womwewo.

Sewerolo silinathe, ndipo silinachitikenso. A Onolebo anandiuza pambuyo pake kuti kumapeto kunali nyimbo ina, yabwino kuposa zonse zimene anapekapo, yoti anthu onse aimbire pamodzi. Ndinawafunsa ngati adzaiimbitse tsiku lina. Anati ayi, sewero lija linapeza mathero ake lokha, kuwonjezapo kungakhale chipongwe. Sanapekenso opera ina. Anabwerera kukaimba limba kutchalitchi mpaka maso atachita khungu, ndipo atamwalira limbalo linadyedwa ndi chiswe. Apongozi ankawatumizira mpunga woyamba chaka chilichonse, koma masewero awo ankawatchabe misala ya anthu okhuta.

Ena amati a Onolebo analakwa, ena amati Mulungu anagwiritsa ntchito kuiwala kwawo. Ine ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi, ndipo sindinafike pogamula. Ndimangodziwa kuti agogo anu kuyambira tsiku limenelo ankagona tulo.

Tadala, unandifunsa mwezi watha tikulambula kumanda kuti mtumbira uja wa pakati pa agogo anu ndi amayi awo ndi wa ndani, ndipo chifukwa chiyani unatitimira kuposa inzake. Nthochi sichedwa kuwola, mwana wanga, n'chifukwa chake. Koma ukamasesa pamenepo uzisesa mwaulemu. Ndinamunyamula ndekha paphewa ili, ndipo ankalemera ngati munthu.